Maola okha sakwanira: tulo, ubongo ndi kaodzera

Kumpoto chakumadzulo kwa Wenya, m'boma la Chitipa, kuli mapiri a Mafinga amene akhala pamalire a Malawi ndi Zambia. Kuseri kwa mapiriwo n'kumene kumayambira mtsinje wa Luangwa, ndipo m'chigwa cha mtsinje umenewu ndi mmene Mngelezi wina anatenga matenda a kaodzera mu 1909. Iye atafika ku Liverpool, akatswiri awiri, Stephens ndi Fantham, anapeza m'magazi mwake kachilombo kamene mu 1910 anakatcha Trypanosoma rhodesiense. Kumwera kwa Wenya, ukadutsa Nthalire ndi mapiri a Nyika, kuli dambo la Vwaza m'boma la Rumphi, kumene kashembe akufalitsabe kachilombo komweko mpaka lero. Mu 2019 ndi 2020 Malawi inkapeza odwala pafupifupi 90 chaka chilichonse, ambiri a iwo ku Rumphi ndi ku Nkhotakota. Motero anthu a ku Wenya amakhala pamtunda, pakati pa zigwa ziwiri za nthenda imene yathandiza kwambiri kuyankha funso lakalekale: kodi tulo n'chiyani, ndipo timagwira ntchito yanji? Ambirife timayeza tulo ndi maola basi. Umboni wa akatswiri a ubongo ukulozera kwina. Tulo tili ndi magawo, magawowo amabwera motsatana ndiponso pa nthawi yake, ndipo dongosolo limeneli likasokonekera munthu amavutika ngakhale maola akhale okwanira.

Kuti tulo tili ndi magawo zinadziwika anthu atayamba kuyeza magetsi a ubongo. Dokotala wa ku Germany, Hans Berger, anafalitsa mu 1929 njira yomata timawaya pamutu n'kujambula mafunde a magetsi ochokera m'maselo a ubongo, imene lero imatchedwa EEG. Mu 1937 Alfred Loomis ndi anzake ku America anaona kuti mafundewo amasinthasintha munthu ali m'tulo, ndipo mu 1953 Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman ku Chicago anapeza kuti kangapo usiku uliwonse maso a munthu wogona amayendayenda mofulumira kunsi kwa zikope, ubongo n'kumagwira ntchito ngati wa munthu amene ali maso. Ukamudzutsa nthawi imeneyo, kawirikawiri amakuuza kuti amalota. Gawo limenelo ndi la REM. Malinga ndi kagawidwe kamene zipatala zakhala zikutsatira kuyambira 2007, magawo ena ndi atatu. N1 ndi kusinza kwa mphindi zochepa, pamene munthu amatha kudzidzimuka ngati wagwa, ndipo ukamufunsa amakanitsitsa kuti sanagone. N2 imatenga pafupifupi theka la usiku wonse, ndipo imadziwika ndi timafunde tothamanga timene timabwera kwa sekondi imodzi kapena iwiri kuchokera m'chigawo cha ubongo chotchedwa thalamus, chimene chimatseka njira ya maphokoso a panja. N3 ndi tulo tofa nato. Pamenepo maselo ambirimbiri a ubongo amayaka ndi kuzima pamodzi, pafupifupi kamodzi pa sekondi, mtima umagunda pang'onopang'ono, ndipo mwana amene ali m'gawoli ukhoza kumunyamula pamphasa n'kukamugoneka kuchipinda iye osadziwa kanthu.

Chofunika kwambiri pa nkhani yathuyi ndi katsatanidwe kake. Munthu wamkulu wathanzi salowa m'tulo kudzera m'maloto. Amayamba ndi N1, kutsikira ku N2 ndi N3, kukweranso, ndipo REM yoyamba imafika patatha mphindi pafupifupi 90, n'kukhala kanthawi kochepa. Ulendo umenewu umabwerezedwa kanayi kapena kasanu kusanache, koma maulendowo safanana. Tulo tofa nato timachuluka m'maola atatu oyambirira. REM imatalikira kumbandakucha, nthawi imene atambala akulira, ndipo n'chifukwa chake maloto amene timakumbukira amakhala a m'mawa. Katswiri wa ku Zurich, Alexander Borbély, anafotokoza mu 1982 kuti pali mphamvu ziwiri zimene zimayendetsa zimenezi. Yoyamba ndi ngongole ya tulo imene imakula munthu akamakhalabe maso, ndipo chimodzi mwa zizindikiro zake ndi adenosine, kanthu kamene kamaunjikana mu ubongo. Khofi ndi tiyi zimatseka pamene adenosine amagwira, koma ngongoleyo sizilipira. Ngongole imeneyi ndi imene imakoka N3. Yachiwiri ndi wotchi ya m'thupi, kagulu ka maselo pafupifupi 20,000 kamene kali m'chigawo cha ubongo chotchedwa hypothalamus, pamwamba penipeni pa mphambano ya minyewa ya maso, ndipo kamayendera kuwala kwa dzuwa. Wotchi imeneyi ndi imene imaika REM chakum'mawa, thupi likazizira kwambiri. Ziwirizi zikagwirizana, munthu amagona tulo tolumikizana usiku n'kukhala maso usana wonse.

Ntchito za tulo tofa nato ndi zimene zili ndi umboni wolimba. Kuyambira 1968 zimadziwika kuti homoni yokulitsa thupi imatuluka kwambiri munthu akangolowa mu N3 koyamba, ndipo ukachedwetsa tulo nayonso imachedwa. Mu 2008 Esra Tasali ndi anzake ku Chicago anachita kafukufuku amene amayankha mwachindunji aliyense wokhulupirira maola okha. Achinyamata athanzi anagona maola awo a nthawi zonse, koma akangoyamba kulowa mu N3, ofufuzawo ankawaliza kaphokoso kongokwanira kuwabwezera ku tulo topepuka popanda kuwadzutsa. Patatha usiku utatu, matupi awo ankamva insulin mocheperapo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, zimene ndi njira yopita ku matenda a shuga. Maola anali omwewo, chimene chinachotsedwa ndi gawo limodzi lokha. Pa nkhani ya kukumbukira, Matthew Wilson ndi Bruce McNaughton anasonyeza mu 1994 kuti maselo a hippocampus a khoswe amene anayaka pamodzi khosweyo akufufuza malo masana amayakanso pamodzi ali m'tulo. Hippocampus imasunga za tsikulo mongoyembekezera, ndipo usiku imazibwereza n'kuzipereka ku mbali zina za ubongo zosunga nthawi yaitali, mothandizidwa ndi mafunde akuluakulu a N3 ndi timafunde tothamanga tija. Mu 2007 gulu la Jan Born ku Lübeck linaphunzitsa anthu masewera okumbukira malo a makadi m'chipinda chonunkhira maluwa a rozi. Fungo lomwelo litabwezedwa ali mu N3, m'mawa anakumbukira bwino koposa. Litabwezedwa ali mu REM, panalibe kusintha.

REM ndi gawo lodabwitsa. Ubongo umakhala wotanganidwa, mbali zake zokhudza mantha ndi chisangalalo zimayaka, koma minofu ya manja, miyendo ndi khosi imakhala yomangidwa. Michel Jouvet wa ku Lyon anasonyeza m'zaka za m'ma 1960 kuti lamulo lomanga minofulo limachokera patsinde pa ubongo: atawononga kachigawo kakang'ono pamenepo mwa amphaka, amphakawo ankadzuka ali chigonere n'kumasaka ndi kumenyana ndi zinthu zosaoneka. Apa m'pamene pali tanthauzo la chinthu chimene chaopsa anthu ambiri kumidzi ndi m'tauni momwe, kudzuka usiku n'kupeza kuti sungathe kusuntha kapena kukuwa, pachifuwa pakulemera, ndipo pakona pakuoneka ngati paima munthu. Ambiri amati ndi afiti, ndipo mantha awowo ndi enieni, sitingawaseke. Koma chimene makina amajambula nthawi yotero ndi munthu amene nzeru zake zadzuka pomwe minofu ikadali m'manja mwa REM, ndipo maloto akusefukira m'chipinda chimene akuchiona ndi maso. Zimatha pa mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo zimachuluka mwa amene akusowa tulo kapena asintha nthawi yogonera. Kuyenda kutulo kwa ana n'kosiyana, chifukwa kumachokera mu N3, kumayambiriro kwa usiku, ndipo mwanayo m'mawa sakumbukira kalikonse. Khanda longobadwa kumene limathera pafupifupi theka la tulo take m'gawo lofanana ndi REM, pomwe munthu wamkulu amathera gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri ambiri amalumikizira REM ndi kukula kwa ubongo.

Tsopano tibwerere kwa kashembe. Kwa zaka zambiri mabuku a zachipatala ankalemba kuti wodwala kaodzera amagona mopitirira muyeso. Dokotala wa ku France, Alain Buguet, ananyamula makina a EEG kupita nawo ku Daloa m'dziko la Côte d'Ivoire ndi ku Brazzaville, n'kujambula odwala usana ndi usiku mosalekeza. Zimene anafalitsa m'zaka za m'ma 1990 zinasintha chithunzi chonse. Ukaphatikiza maola onse a tsiku, odwalawo sankagona kwambiri kuposa anthu ena. Tulo tawo tinali toduka m'tizidutswa timene tinamwazikana usana ndi usiku mofanana, kotero kuti munthu amene wagwa tulo ali pakati pa chakudya masana ndi yemweyo amene usiku akungotembenuka. Nthendayo ikamakula, tizidutswato timafupikirafupikira. Chachiwiri, ndipo n'chimene chinadabwitsa kwambiri, kawirikawiri odwalawo ankagwera mu REM atangogona, osadutsa mu N2 ndi N3. Mahomoni monga cortisol, amene mwa munthu wathanzi amakwera m'mamawa n'kutsika usiku, anataya nthawi yawo. Komabe magawo enieniwo analipo ndithu, ndipo kutuluka kwa mahomoni kunkatsatirabe magawo a tulo mkati mwa kachidutswa kalikonse. Tingayerekeze ndi munda umene mbewu zonse zilimo koma mwini wake akubzala, kupalira ndi kukolola mosayang'ana nyengo. Odwala akalandira mankhwala n'kuyamba kuchira, tulo tinkabwerera usiku ndipo REM inkabwerera pamalo pake.

Chifukwa chake chikumveka tsopano kuposa kale. Kafukufuku wa makoswe wa Marina Bentivoglio ku Verona ndi Krister Kristensson ku Stockholm anasonyeza kuti tizilomboti timayamba kukhazikika m'malo a ubongo amene chitetezo chake n'chopyapyala, ena mwa iwo pafupi kwambiri ndi hypothalamus, ndipo kutupa kumene kumatsatira kumasokoneza wotchi ija. M'nyama zodwala maselo opanga orexin amachepanso. Orexin, amene anadziwika mu 1998, ndi amene amagwira chitseko cha pakati pa kukhala maso ndi kugona kuti chisamangotseguka chokha, ndipo anthu amene maselo amenewa anafa amadwala narcolepsy, nthenda imene chizindikiro chake chachikulu ndi chomwechi chogwera mu REM mwadzidzidzi. Mu 2018 Filipa Rijo-Ferreira, Joseph Takahashi ndi Luísa Figueiredo anapeza kuti mwa mbewa zimene zili ndi kachilomboka wotchi ya m'thupi imathamanga, tsiku lake n'kufupika, ndipo izi zimayamba tizilomboto tisanachuluke mu ubongo. Buguet anafika poganiza kuti kujambula tulo kungathandize kudziwa ngati kachilombo kalowa mu ubongo kapena ayi. Funso limenelo linali la moyo kapena imfa, chifukwa yankho lake linkafuna kutenga madzi a pamsana, ndipo wopezeka kuti kalowa ankabayidwa melarsoprol, mankhwala okhala ndi arsenic amene ankapha odwala pafupifupi 5 pa 100 alionse. Zimenezi zayamba kusintha chifukwa cha ntchito imene mbali yake yaikulu inachitikira pachipatala cha boma cha Rumphi, kumene bungwe la DNDi ndi madokotala a kuno anayesa mapiritsi a fexinidazole, akumwa masiku 10. Bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linawavomereza pa kaodzera wa mtundu wathu mu Disembala 2023.

Wina anganene kuti umboni wa kaodzera n'ngosadalirika, chifukwa wodwalayo ali ndi malungo m'thupi, magazi achepa, ubongo watupa, ndiye tingadziwe bwanji kuti kusokonekera nzeru kwake kukuchokera ku tulo? Angawonjezere kuti odwala a Buguet anali ndi kaodzera wa kumadzulo kwa Africa, amene amatenga zaka, pomwe wa ku Luangwa ndi Vwaza amatha kupha pa masabata kapena miyezi yochepa. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo kaodzera payekha sangatsimikize kuti gawo lakutilakuti limagwira ntchito yakutiyakuti. Chimene amatsimikiza n'chochepa koma n'cholimba: kuchuluka kwa tulo ndi dongosolo la tulo ndi zinthu ziwiri zosiyana, zoyendetsedwa ndi mbali zosiyana za ubongo, ndipo chimodzi chikhoza kugwa china chili chilili. Umboni woti kugwako kumavulaza umachokera kwina, kwa achinyamata athanzi a ku Chicago aja amene analibe kachilombo kalikonse, ndi kwa anthu amene amabanika kutulo polizira mkonono, amene amakhala pabedi maola 8 koma amadzuka ali wefuwefu ndipo ambiri amadwala BP. Maumboni awiriwa amathandizana, aliyense kutseka pamene mnzake ali pofooka.

Mtsutso wina ndi wolemerapo, ndipo ukufunika kuuvomera pang'ono. Ngati gawo lililonse lili ndi ntchito yake, n'chifukwa chiyani anthu ena amakhala bwinobwino REM ili yochepa kwambiri? Mankhwala ena ochiza kuvutika maganizo amaichepetsa kwa miyezi popanda kuwononga kukumbukira, ndipo mu 1984 Peretz Lavie wa ku Haifa analemba za munthu amene kachitsulo ka bomba kanamuvulaza patsinde pa ubongo n'kumusiya pafupifupi wopanda REM, koma anaphunzira mpaka kukhala loya. Nkhani zimenezi zimagwetsa chiphunzitso chosavuta chija chogawira gawo lililonse ntchito imodzi, chimene mabuku ambiri otchuka amakonda, ndipo n'zabwino kuti chigwe. Ubongo wa munthu wamkulu umatha kupeza njira zina. Koma munthu wathanzi ukamumana REM kwa masiku angapo, usiku wotsatira amaibweza yochuluka, ndipo thupi silimalimbikira kubweza chinthu chimene lilibe nacho ntchito. Kusamala komweko kukufunika pa nkhani imene yafala kwambiri yoti tulo timatsuka ubongo. Gulu la Maiken Nedergaard ku Rochester linalengeza mu 2013 kuti mbewa zikagona mipata ya pakati pa maselo a ubongo imakula ndi 60 peresenti ndipo zinyalala zimachoka msanga. Mu 2024 gulu la Nicholas Franks ku Imperial College London, pogwiritsa ntchito njira ina yoyezera, linapeza zosemphana nazo, kuti kuchokako kumachedwa m'tulo. Mkanganowu sunathe, ndipo amene akulalikira kutsukako ngati mfundo yokhazikika akuthamangira kutsogolo kwa umboni.

Pali funso linanso limene munthu wa ku Wenya ali ndi ufulu wofunsa. Zambiri mwa zimenezi zinayezedwa pa ophunzira a ku Ulaya ndi America, ogona okha m'chipinda chabata pa matiresi ofewa. Zikumukhudza bwanji mlimi wogona pamphasa ndi ana atatu, m'chisanu cha Juni cha kumapiri kuno? Jerome Siegel ndi anzake anayeza mu 2015 tulo ta Ahadza a ku Tanzania, Asan a ku Namibia ndi Atsimane a ku Bolivia, anthu opanda magetsi, n'kupeza kuti amagona maola pafupifupi 6 mpaka 7, amagona patapita maola atatu dzuwa litalowa, ndipo amadzuka kukamacha, kunja kutazizira kwambiri. Pafupi ndi kwathu, kafukufuku wa 2017 anayerekeza tauni ya Milange ku Mozambique, kutsidya kwa Muloza, ndi mudzi wa Tengua. A m'tauni ankagona mochedwerapo ndi ola limodzi koma maola awo sanachepe, ndipo tulo todukaduka tinapezeka kwambiri kumudzi, kumene ntchito ndi yakalavulagaga, pogona n'pouma ndipo chipinda chimodzi chimagona anthu ambiri. Zipangizo zimene anagwiritsa ntchito ndi zovala pamkono, zoyeza kutakataka osati magawo, koma phunziro lake likugwirizana ndi la kaodzera. Lamulo la maola 8 si la anthu onse. Ndipo maganizo oti kumudzi kopanda magetsi anthu amagona bwino mwachibadwa ndi a anthu amene sanagonepo kumudzi.

Mfundo imeneyi ikalandiridwa, zinthu zina za tsiku ndi tsiku zimaoneka mwina. Wophunzira wa Folomu 4 amene amagona 11 koloko n'kudzuka 3 koloko kuti awerenge mayeso a MSCE amaganiza kuti wangodula theka la tulo. Wapeza N3 yake yambiri, koma REM wataya yochuluka kuposa theka, pamodzi ndi N2 ya m'mamawa imene ili ndi timafunde tothamanga tambiri, ndipo wachita zimenezi pa msinkhu umene wotchi ya m'thupi imachedwa mwachibadwa. Womwa kachasu kuti apeze tulo amagwadi msanga, koma mowa umapondereza REM kumayambiriro, ndipo ukamatha m'magazi theka lachiwiri la usiku limakhala lodzukadzuka ndi la maloto oipa. Kuchezera pamaliro usiku umodzi kapena uwiri si vuto lalikulu, chifukwa ubongo umabweza N3 poyamba kenako REM. Amene ali pachiopsezo ndi mlonda kapena namwino amene zaka ndi zaka amagona masana, nthawi imene wotchi ikumudzutsa. Ndipo pachipatala chaching'ono cha kumudzi, wodwala akabwera ndi kutentha thupi ndi mutu, malungo osapezeka m'magazi kapena mankhwala a LA osathandiza, funso loti amagona kwambiri kapena ayi likhoza kusocheretsa, popeza wachibale amene amamuona akubuula usiku wonse adzayankha kuti sagona n'komwe. Mafunso othandiza ndi oti amagona nthawi yanji, kangati patsiku, komanso ngati m'masabata apitawa anapitako chakumunsi ku Vwaza kapena kutsidya kwa malire, m'chigwa cha Luangwa.